Magazini a kafukufuku aulere: akulipira ndani?

Wophunzira akatsegula nkhani ya kafukufuku pa intaneti osalipira kanthu, saganizirako za ndalama. Ife ogwira ntchito mu laibulale timadziwa kuti pali wina amene wapisa m'thumba. Akatswiri ounika nkhani isanasindikizidwe nthawi zambiri salandira kalikonse, koma wokonza zilembo ndi masamba amafuna malipiro, seva yosungira nkhanizo imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo nambala ya DOI, yothandiza kuti nkhani isasowe pa intaneti, imagulidwa ndi madola.

Kale ndalamazi zinkachokera kumalaibulale, omwe ankagula magazini. Chikalata cha ku Budapest cha mu 2002 chitalimbikitsa kuti kafukufuku aziwerengedwa mwaulere, makampani akuluakulu osindikiza anangosenzetsa wolemba mtolowo. Mu 2021 magazini ya Nature inayamba kulipiritsa mayuro 9,500 pa nkhani imodzi kuti aliyense aiwerenge. Mphunzitsi wa ku yunivesite ku Zomba kapena ku Mzuzu angazipeze kuti ndalama zotere, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? N'zoona kuti osindikiza ena amakhululukira olemba a m'maiko osauka, koma chifundo chotere mwini wake akhoza kuchisiya tsiku lililonse.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi ya SciELO, laibulale ya pa intaneti ya magazini a kafukufuku aulere, yomwe inayambira ku Brazil chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Bungwe la FAPESP, lomwe limapereka ndalama za kafukufuku m'chigawo cha São Paulo, linaona kuti kufalitsa zotsatira ndi mbali ya kafukufukuyo, ndiye linalipirira malo amodzi a pa intaneti oti magazini ambiri azigwiritsa ntchito. South Africa inalowa nawo mu 2009. Kuno ku Africa tilinso ndi malo ena otere otchedwa African Journals Online, yomwe inayamba mu 1998 ndipo imasunga magazini mazanamazana, kuphatikizapo Malawi Medical Journal.

Komabe malo osungira okha sakwanira. Magazini athu ambiri amadalira mphunzitsi mmodzi yemwe amakonza nkhani usiku atamaliza kuchonga mayeso. Iyeyo akapuma pantchito, kapena pulojekiti ya abwenzi othandiza ikatha, magaziniyo imangoti zii. Zimandipweteka ndikaona shelefu ya magazini imene inalekera panjira chonchi. Pempho langa kwa akuluakulu a mayunivesite ndi loti polemba bajeti, malipiro a mkonzi ndi ndalama za seva zizikhala ndi mzere wakewake, monga zimakhalira ndi magetsi ndi madzi.