Akasiya kuomberana sikuti nkhondo yatha, chonde

Ndatopa nalo funso ili. Wailesi ikangolengeza kuti Qatar ndi Egypt agwirizanitsa Israel ndi Hamas, gulu la Apalestina la ku Gaza, foni yanga imayamba kulira, "aphunzitsi, ndiye kuti zija zatha eti?" Sizinathe ayi. Mu November 2023 mfuti zinakhala chete sabata imodzi yokha, anasinthana anthu ogwidwa ndi akaidi, kenako mabomba anayambiranso. Mu January 2025 anagwirizananso, pofika March zinali zitasokonekera kale.

Ine ndimaphunzitsa za ukhalapakati, ndipo nkhani imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya Oslo, pangano la mtendere la Israel ndi Apalestina. Mu September 1993 Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ndi Yasser Arafat, mtsogoleri wa Apalestina, anagwirana chanza pa kapinga wa White House, Bill Clinton atatambasula manja kumbuyo kwawo ngati nkhoswe yonyadira, dziko lonse m'manja phwaphwaphwa. Koma taonani zomwe anasiya. Jerusalem, malire, Apalestina othawa kwawo mu 1948, midzi ya Ayuda ku West Bank (dera lomwe Apalestina amafuna likhale mbali ya dziko lawo), zonsezi anati tidzakambirana mtsogolo, tiyambe tazolowerana kaye kwa zaka zisanu. Amene munakhalapo pa unkhoswe mukudziwa, anthu akamalimbirana munda iwe n'kuwauza kuti pitani kaye za munda tidzaona, amene wagwira khasu uja sasiya kulima, ndipo mukadzakumananso amakhala atadzalamo ndi mango omwe. Nthawi ya Oslo Ayuda okhala m'midzi ya ku West Bank anali cha m'ma 110,000, pano ali cha m'ma 500,000, osawerengera a ku East Jerusalem. Area C, mbali yomwe muli midzi ya Ayudayi, yomwe ndi pafupifupi 60 peresenti ya West Bank, ikadali m'manja mwa Israel. Uku nako Hamas inkaphulitsa mabasi muli anthu wamba, ndiye mu Israel aliyense wonena za mtendere ankaoneka wopusa. Rabin anamupha ndi Myuda mnzake mu November 1995 ku Tel Aviv, akuchokera pa msonkhano wa mtendere womwewo. Pomwe atsogoleri a mbali ziwirizi ankafika ku Camp David ku America mu 2000 kuti akambe nkhani zowawa zija, kukhulupirirana kunali kutatha.

Ndiye pali akatswiri a pa WhatsApp awa, eeh. Wina amatumiza voice note ya mphindi khumi kuti iyi ndi nkhondo ya Isake ndi Ismayeli, inalembedwa, musavutike nayo. Bodza limenelo ndi loopsa chifukwa limapatsa anthu ulesi. Egypt inamenyana ndi Israel nkhondo zingapo, koma anasainirana mtendere mu 1979 ndipo ulipobe, chifukwa nkhani ya malo a Sinai omwe Israel inalanda kwa Egypt anaidula mutu, sanaiike pa alumali.

Ena amati Qatar ingakhale bwanji mkhalapakati pomwe Hamas ili ndi ofesi ku Doha, likulu la Qatar, kuyambira 2012. Mesa n'chifukwa chake amamveredwa! Nkhoswe yomwe singalowe m'nyumba ya mbali inayo ndi yantchito yanji? Vuto lenileni lili kwa America, amene ali ndi mphamvu zokakamiza Israel koma nthawi zambiri safuna kuzigwiritsa ntchito, komanso Apalestina eni ake ndi ogawanika chiyambire 2007 pomwe Hamas inalanda Gaza, pulezidenti wawo Mahmoud Abbas ali ku Ramallah ku West Bank, ndiye ukasainirana ndi mmodzi winayo akuti ine sindinalipo.

Mukamvanso za mgwirizano, musandiimbire kaye. Fufuzani ngati alembamo tsiku lokamba za malire, ndiponso amene adzalange wophwanya pangano ndi ndani.