Zoti X-ray imatsala m'thupi ndi bodza abale

Ine ndatopa nayo nkhani iyi, kuyambira ndili mwana mpaka lero anthu akunenabe kuti ukajambulidwa X-ray mphamvu zake zimatsala m'thupi n'kumakudya pang'onopang'ono, ena amati imayamwa magazi. Munthu akutsokomola mwezi wathunthu, adokotala amuuza akajambulidwe chifuwa poona za TB, iye n'kuthawa kubwerera kumudzi.

Cheza cha X-ray chimangodutsa ngati kuwala kwa tochi, makina akazimitsidwa basi palibe chotsala. Kujambula chifuwa kamodzi ndi pafupifupi 0.1 mSv (muyezo wa cheza), kufanana ndi cheza chomwe thupi limalandira kale kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga pa masiku 10 okha. CT scan, X-ray yojambula thupi mozungulira, ndiye imakhala ndi cheza chochuluka, nchifukwa sajambula mwachisawawa. Wojambula uja amabisala kuseri kwa khoma poti iyeyo amajambula anthu ambirimbiri tsiku lililonse, osati kuti inu mukuphedwa ayi.

Azimayi oyembekezera, nenani musanagone pa tebulo paja. Koma sikani ya mimba si X-ray, imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, mulibe cheza.

Musanatumize voice note yonena kuti X-ray imatsala m'thupi pa gulu la WhatsApp la kumpingo, kafunseni wojambulayo kuchipatala, muonenso kabaji kamene amavala pachifuwa, ndi koyezera cheza chomwe walandira.