Pulagi ya ngolo ikakana kulowa m'soketi ya thiraki

Mathiraki ena ogwiritsidwa kale ntchito amene amabwera kuno kuchokera ku Britain, monga Scania, DAF ndi Volvo, amakhala ndi soketi imodzi ya mapini 15, yotchedwa ISO 12098. Koma ngolo zakale zambiri zili ndi mapulagi a mapini 7: wakuda wa 24N, womwe umanyamula magetsi a mabuleki, maindiketa ndi a kumbuyo, ndi woyera wa 24S, wa magetsi a rivesi ndi a chifunga. Apa musadule waya aliyense. Gulani nthambo yolumikizira ya mphanda, imene mbali ina ili ndi mapini 15, ina mapulagi awiriwa.

Ngati mukulumikiza nokha, tsatirani ntchito ya waya, osati nambala ya pini, chifukwa manambala safanana. Pa 24N, ethi (waya wobwerera moto) ili pa pini 1, indiketa ya kumanzere pa 3, mabuleki pa 4, indiketa ya kumanja pa 5, ndipo magetsi a kumbuyo pa 2 ndi 6. Pa ya mapini 15, ethi ili pa 4, maindiketa pa 1 ndi 2, magetsi a kumbuyo pa 5 ndi 6, mabuleki pa 7, rivesi pa 8. Mitundu ya mawaya imathandiza, woyera ndi ethi, wofiira ndi wa mabuleki, koma ngolo yoti yadutsa m'manja mwa amakaniko asanu musaikhulupirire pa mitundu. Tengani tesita, mnzanu aponde buleki ndi kuyatsa indiketa, inu muzilemba pini iliyonse pa pepala.

Choopsa kwambiri ndi pulagi imene imalowa bwinobwino. Mathiraki ambiri a ku America, monga Freightliner, amayendera mphamvu ya magetsi ya 12V, osati 24V ngati a ku Britain aja, ndipo soketi yawo, SAE J560, imafanana ndi 24N moti pulagi imalowa popanda kukakamiza. Ngolo ya 24V pa thiraki ya 12V, mababu amangofiira ngati makala, woyendetsa galimoto ya m'mbuyo usiku saona kuti mwaponda buleki. Mukatembenuza, ngolo ya 12V pa thiraki ya 24V, mababu amapsa nthawi yomweyo. Pini 7 nayonso ili ndi ntchito ina: pa J560 imapereka moto ku ABS ya ngolo, chipangizo choletsa matayala kukhwekhwereza poponda buleki. Njira yothetsera vuto la 12V ndi 24V ndi kusintha mababu onse, kuika ma LED olandira zonse ziwiri, kapena kuika bokosi losinthira mphamvu ya magetsi. Dziwani kuti ma LED amadya moto wochepa, ndiye mathiraki ena amaganiza kuti babu lapsa n'kuyatsa chenjezo pa dashibodi. Pamenepo pamafunika resistor yoyenera, kachipangizo kodya moto ngati babu wamba, pa indiketa iliyonse.

Za ethi ndiye pamene ambiri amalakwa. Moto wa mababu onse umabwerera pa waya mmodziyu, n'chifukwa chake amakhala wa 2.5mm², pamene enawo ndi a 1.5mm². Ena amaudula n'kumati chitsulo cha pamene ngolo yakolekedwa chigwira ntchitoyo. Pamenepo pali girizi ndi dzimbiri. Zotsatira zake mudzaziona: mukayatsa indiketa, magetsi a mabuleki nawonso ayamba kuthwanima mofooka, chifukwa moto ukufuna njira ina yobwerera. Musanasinthe babu kapena fyuzi, pukutani pini ya ethi mpaka iwale.

Polumikiza mawaya, kupotokola n'kukulunga ndi tepi sikuthandiza. M'nyengo ya mvula madzi amalowa, mkuwa umasanduka wobiriwira. Panani ndi zolumikizira zake, mutseke ndi kachubu kofota ndi kutentha, ndipo musiye nthambo yokwanira kuti thiraki ikakhota kwambiri isakoke pulagi.

Nthambo ya ABS ndi EBS (mabuleki oyendetsedwa ndi kompyuta), ISO 7638, ndi yapayokha, ndipo iyi musaisinthe konse. Ya 12V ndi ya 24V anazipanga dala kuti zisalowane. Ikakana, musaseme pulagi ndi mpeni: bokosi la ABS la pa ngolo lifunika kukhala la mphamvu yofanana ndi ya thiraki, apo ayi ngoloyo ikokedwe ndi thiraki ina.