Kuwerengeratu ana amene adzabadwe m'dera: uthenga kwa okonza ntchito zaumoyo

Kuphunzitsa mzamba kuyambira pachiyambi kumatenga zaka zosachepera zitatu, ndipo kumanga wodi ya amayi oyembekezera kumafuna ndalama zopemphedwa nthawi ikadalipo. Choncho amene akuyang'anira zaumoyo m'boma kapena m'chigawo ayenera kudziwiratu kuti ana adzabadwa angati chaka chamawa, komanso zaka zisanu ndi zaka khumi zikubwerazi. Mabedi, azamba, katemera, magazi ndi mafuta a ambulansi, zonsezi zimatsamira pa nambala imeneyi.

Kubereka kukutsika, koma si paliponse pamene ana akuchepa

Ziwerengero za bungwe la United Nations zikusonyeza kuti m'zaka za m'ma 1960 mayi mmodzi padziko lonse ankabereka ana pafupifupi 5 m'moyo wake, pamene lero ndi pafupifupi 2.3. Kuti anthu asachuluke kapena kuchepa pamafunika ana pafupifupi 2.1 pa mayi aliyense. Zigawo zimasiyana kwambiri. Ku South Korea nambalayi inatsika kufika pa 0.72 mu 2023, ndipo ku Japan ana obadwa m'chaka anachepera 800,000 koyamba mu 2022. Kumaiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara mayi ankabereka ana oposa 6 m'zaka za m'ma 1980, tsopano ndi opitirira 4 pang'ono, komabe ana obadwa chaka chilichonse akuchulukirabe.

Apa ndi pamene okonza mapulani ambiri amaphonya. Akamva kuti amayi ayamba kubereka ana ochepa, amaganiza kuti ntchito ya kuchipinda chochirira ichepa. Iwo amaiwala kuti ana obadwa amadalira zinthu ziwiri: kaberekedwe ka mayi mmodzi ndi kuchuluka kwa amayi a msinkhu wobereka. Kumene anthu ankabereka kwambiri zaka 15 kapena 20 zapitazo, atsikana amene akufika msinkhu wobereka lero ndi ochuluka kuposa amayi amene akusiya kubereka.

Tiyerekeze dera la anthu 50,000 lokhala ndi amayi 12,000 a zaka 15 mpaka 49, ndipo pa amayi 1,000 alionse pamabadwa ana 133 pachaka. Ndiye kuti ana ndi pafupifupi 1,600. Patapita zaka khumi, njira zolera zafalikira, atsikana akukhalitsa kusukulu, ndipo nambala ija yatsika kufika pa 115. Koma amayi afika 16,000. Ana obadwa chaka chimenecho adzakhala 1,840, kuwonjezeka ndi 240. Amene anachepetsa azamba poona kutsika kwa kubereka adzapeza amayi akuchirira pansi.

Kawerengedwe kake

Njira yachidule ndi kutenga chiwerengero cha anthu onse m'dera n'kuchulukitsa ndi ana obadwa pa anthu 1,000 alionse. Anthu 50,000 pa mlingo wa 32 amapereka ana 1,600. Njirayi ndi yokwanira pokonza bajeti ya chaka chimodzi, bola mlingowo ukhale wa chigawo chanu. Mlingo wa dziko lonse umasocheretsa, chifukwa amayi a m'tauni nthawi zambiri amabereka ana ochepa kuposa a kumudzi.

Poyang'ana zaka zisanu kapena khumi kutsogolo, gawani amayi m'magulu a zaka zisanuzisanu: 15 mpaka 19, 20 mpaka 24, mpaka kukafika 45 mpaka 49. Gulu lililonse lili ndi kaberekedwe kake, ndipo ana ambiri amabadwa kwa amayi a zaka 20 mpaka 34. Kenako sunthani magulu onse ndi zaka zisanu: atsikana a zaka 10 mpaka 14 a lero ndiwo gulu la 15 mpaka 19 la nthawi imeneyo. Chotsani amene angamwalire, ganiziraninso osamuka ndi obwera, ndipo gulu lililonse mulichulukitse ndi mlingo wake. Ubwino wa njirayi ndi woti amayi onse amene adzabereke m'zaka 15 zikubwerazi anabadwa kale. Chongoyerekeza ndi kaberekedwe ndi kusamuka basi.

Musatulutse nambala imodzi yokha. Konzani zitatu: ngati kubereka kutatsika msanga, ngati kutatsika monga kwakhala kukutsikira, ndiponso ngati kutaima pomwe kuli. A United Nations amachitanso chimodzimodzi, powonjezera kapena kuchotsa theka la mwana pa mlingo wapakati. Pomanga nyumba tsatirani nambala yapamwamba, chifukwa kukulitsa wodi pambuyo pake n'kodula. Poitanitsa mankhwala amene amatha mphamvu tsatirani yapakati, ndipo muziikonza miyezi itatu iliyonse.

Nambalayi ikasanduka ntchito

Amayi oyembekezera amakhala ambiri kuposa ana obadwa amoyo, popeza mimba zina zimapita padera ndipo ana ena amabadwa atafa kale. Powerengera sikelo, wonjezerani 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Dera la ana 1,600 likhala ndi mimba pafupifupi 1,800. Kuyambira 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, kusiyana ndi kanayi kakale. Maulendo onsewa ndi 14,400 pachaka, kapena amayi pafupifupi 58 patsiku lililonse la ntchito. Sikelo yokonzedwa potsatira malangizo akale imangokwanira theka la ntchito imeneyi.

Pa azamba, muyezo umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito ndi azamba 6 pa amayi 1,000 ochira pachaka, choncho dera lathuli lifunika azamba 10. Awa ndi ochepetsetsa ndithu, chifukwa wodi imagwira usana ndi usiku, wina amakhala patchuthi, wina kusukulu, winanso waperekeza wodwala pa ambulansi.

Mabedi amawerengedwa ndi masiku ogona. Mayi wochira bwinobwino sayenera kutulutsidwa maola 24 asanakwane, ndipo wa opaleshoni amagona masiku angapo. Tikati aliyense amagona masiku awiri, masiku onse ndi 3,200, amene tikawagawa ndi 365 tipeza mabedi 9. Koma wodi yabwino siyenera kudzaza kupitirira 80 pa 100 masiku wamba, ndiye mabedi akhale 11.

Chifukwa chosiyira malo otsalawo chimveke bwino. Ana 1,600 pachaka ndi ana 4 kapena 5 patsiku, koma matenda a kubereka sabwera mondondozana. Masamu a mwayi amasonyeza kuti m'wodi yotere mudzakhala masiku oposa khumi pachaka pamene amayi 9 kapena kuposerapo adzachire tsiku limodzi, ndi masiku ena pamene kudzabadwe mwana mmodzi kapena osabadwa n'komwe. Chipatala chikachepa, kusinthasintha kumeneku kumakula. Masiku odzaza amenewa ndiwo amabweretsa ngozi: mzamba mmodzi ali ndi amayi atatu nthawi imodzi, ndipo wotaya magazi amaonedwa mochedwa. Palinso miyezi imene ana amabadwa ambiri chaka ndi chaka. Tsegulani kaundula wa zaka zisanu zapitazi, lembani ochira mwezi ndi mwezi, ndipo tchuthi cha azamba chisagwe m'miyezi yothinana.

Pa amayi oyembekezera 100 alionse, pafupifupi 15 amakumana ndi vuto loopseza moyo, monga kutaya magazi ambiri, kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka, kapena mwana kukanika kutuluka. M'dera lathuli, la mimba 1,800, ndi amayi pafupifupi 270, ndipo palibe angadziwiretu onse kuti ndi ati. Muyezo wa mabungwe a United Nations ndi woti pa anthu 500,000 alionse pakhale zipatala zosachepera zisanu zotha kuthandiza mavutowa, chimodzi mwa izo chotha kuchita opaleshoni ndi kuika magazi. Ochira pa opaleshoni akachepera 5 pa 100 m'dera lonse, ndi chizindikiro choti amayi ena ofunika thandizoli sakulipeza. Mwana mmodzi pa khumi alionse amabadwa masiku asanakwane, choncho ana pafupifupi 160 adzafuna kufunditsidwa pachifuwa cha mayi, kuthandizidwa kuyamwa, ena kuthandizidwa kupuma.

Mayi aliyense wochira amafunika oxytocin, mankhwala oteteza kutaya magazi, wa mlingo wa 10 IU mwana akangobadwa, ndipo pakhale wina wapadera wa otaya magazi. Mankhwalawa amatha mphamvu akatenthedwa, ndiye powaitanitsa onaninso malo a m'furiji. Katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, amabwera m'botolo la ana 10 kapena 20 ndipo akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6. Chipatala chimene chimalandira ana awiri patsiku chimataya wambiri, kotero kuitanitsa mlingo wofanana ndendende ndi ana obadwa kumachititsa kuti katemera athe chaka chisanathe.

Zimene zimasokoneza

Kalembera wa anthu amachitika kamodzi pa zaka khumi m'maiko ambiri. Pofika chaka chachisanu ndi chitatu, tauni imene yakula ndi obwera imakhala ndi anthu ochuluka kuposa a pa pepala. Chizindikiro chake ndi malipoti onena kuti katemera wafikira ana 120 pa 100 alionse. Izi sizitanthauza kuti ntchito yapambana, koma kuti chiwerengero cha ana oyembekezeredwa, chimene amagawira, ndi cholakwika. Dera loyandikana ndi tauniyo likhoza kuoneka lolephera pamene amayi ake amangowoloka malire kukachirira kuchipatala chimene amachikhulupirira. Mankhwala a izi ndi kulemba m'kaundula kumene mayi amakhala, n'kuwerenga ana potsatira kwawo ndiponso potsatira kumene anabadwira. Nambala yoyamba imathandiza pokonza katemera ndi sikelo ya ana, yachiwiri pokonza mabedi ndi azamba.

Kaundula wa boma wa ana obadwa sangadaliridwe yekha kumene kulembetsa sikunafalikire. Bungwe la UNICEF linanena mu 2024 kuti ana pafupifupi 150 miliyoni osakwana zaka zisanu padziko lonse sanalembetsedwe. Yerekezani nambala yanu ndi amayi obwera kusikelo koyamba ndiponso ana olandira BCG, poti ntchito ziwirizi zimafikira anthu ambiri, ngakhale ochirira kunyumba. Zikasiyana ndi zimene munawerengera kupitirira 10 pa 100 kwa zaka ziwiri zotsatizana, bwererani ku chiwerengero cha anthu.

Zadzidzidzi nazo zimasuntha nambala. Maiko angapo a ku Ulaya anaona ana obadwa akuchepa kumapeto kwa 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021, miyezi 9 chiyambireni mliri wa COVID-19. Njira zolera zikasowa m'zipatala kwa miyezi ingapo, yembekezerani ochira ambiri chaka chisanathe. Othawa nkhondo kapena madzi osefukira amabwera ndi amayi oyembekezera amene sali pa pulani ya aliyense.

Kumene ana akuchepadi, vuto ndi lina. Wodi imene imachiritsa amayi ochepa imadula kuyendetsa, ndipo ogwira ntchito amazilala luso lothana ndi mavuto osowa. Kuitseka kumatalikitsa ulendo wa mayi amene matenda amuyamba usiku. Musanaphatikize mawodi awiri, yezani nthawi yoyenda kuchokera kumudzi wakutali kwambiri m'nyengo imene misewu imavuta. Muyezo wodziwika ndi woti mayi afike pamalo ochitira opaleshoni pasanathe maola awiri. Ngati izi sizitheka, ambulansi ndi chidikiro pafupi ndi chipatala chachikulu zikhalepo kaye wodi yaing'onoyo isanatsekedwe, ndipo sikelo ya amayi ndi ya ana zitsale pomwepo.