Nyimbo ikakoperedwa pa intaneti, mlandu ndi wa ndani?

Nyimbo ikachoka m'situdiyo n'kulowa pa intaneti popanda chilolezo cha mwini wake, imadutsa m'manja anayi isanafike m'khutu mwanu: amene waiyika, kampani ya tsamba limene yakhalapo, kampani imene ikukugulitsani bandulo, ndi inuyo amene mwaitsitsa. Kuchokera pamene Napster, pulogalamu yogawirana nyimbo pa intaneti, inayamba mu 1999, aphungu a m'mayiko osiyanasiyana akhala akukangana kuti mwa anayiwa agwidwe ndani. Zimene anasankha ku America ndi ku Ulaya zikumukhudza lero lino woimba wa ku Ndirande kapena ku Chipata, chifukwa YouTube ndi Facebook zimene iye amaikapo nyimbo zake zimayendera malamulo a kumeneko.

Tiyambe ndi wotsitsa. Pakati pa 2003 ndi 2008, bungwe la makampani a nyimbo ku America, RIAA, linasumira anthu wamba masauzande ambiri. Lamulo la kumeneko limalola khoti kulamula chipukutamisozi cha madola 750 mpaka 30,000 pa nyimbo imodzi, ndipo chikhoza kufika 150,000 ngati munthuyo anachita dala, mwini nyimbo osafunika kusonyeza kuti wataya ndalama zingati. Mayi wina wa ku Minnesota anatsala ndi ngongole ya madola 222,000 chifukwa cha nyimbo 24. Kukopera sikunathe. Unakula ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unalowa m'ndale: ku Sweden chipani cha Piratpartiet, chomenyera ufulu wogawana mafayilo, chinapeza mavoti 7.1 pa 100 alionse pachisankho cha nyumba ya malamulo ya Ulaya mu 2009, patangopita miyezi iwiri eni tsamba logawirana mafayilo la The Pirate Bay atapezeka olakwa m'khoti.

Dziko la France linayesa njira ya machenjezo atatu, ndipo ndi bwino kuimvetsa bwinobwino chifukwa andale ambiri amaikonda ikangotchulidwa. Mu 2009 linakhazikitsa bungwe lotchedwa HADOPI. Munthu akamagawana fayilo pa BitTorrent, njira yotumizirana mafayilo pakati pa makompyuta a anthu, kompyuta yake imaonetsa nambala yake ya IP, imene ili ngati keyala yake pa intaneti, kwa onse amene akutsitsa fayilo yomweyo. Eni nyimbo ndi mafilimu analemba ntchito kampani yolowa m'magulu amenewa n'kumalemba manambalawo. Bungwe la HADOPI linkafunsa kampani ya intaneti kuti pa tsiku ndi ola lakutilakuti nambalayi inali ya ndani. Chenjezo loyamba ndi imelo. Munthu akapezekanso miyezi isanu ndi umodzi isanathe, amalandira kalata yosainira. Akapezekanso kachitatu chaka chisanathe, nkhani ikhoza kupita kwa woimira boma pamilandu, ndipo chindapusa chake chimafika mayuro 1,500.

Panavuta ndi apa. Nambala ya IP imaloza nyumba imene yalumikizidwa, siiloza chala chimene chadina. Choncho mlandu umene anaukonza sunali wa kukopera koma wa kulephera kuteteza intaneti ya pakhomo pako. Mu 2012 bambo wina wa ku Belfort analipitsidwa mayuro 150 ngakhale kuti mkazi wake anavomera kuti amene ankatsitsa nyimbozo anali iyeyo. Chilango chimene boma linkachidalira, chodula munthu intaneti, chinapunthwa msanga: pa 10 June 2009 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti ndi woweruza yekha angachite zimenezo, osati bungwe la boma, ndipo mu 2013 chilangocho chinachotsedwa. Anthunso anangosamuka pa BitTorrent n'kupita kumasamba oonera pompopompo, kumene bungwelo silinkaonako. Mu 2022 HADOPI inaphatikizidwa ndi bungwe loona za mawailesi n'kukhala Arcom. Kuno kwathu lamulo lotere lingakhale ukonde woponyedwa pamtunda. Makampani a mafoni amagawira nambala imodzi ya IP kwa makasitomala ambiri nthawi imodzi, ndipo nyimbo zambiri zimayenda pa WhatsApp, pa Bluetooth ndi pa memore khadi kwa anyamata obena nyimbo pamsika, kumene kulibe nambala yoti wina n'kuilemba.

Ku America mu 2011 anayesa kuloza masamba enieniwo kudzera m'mabilu awiri, SOPA ndi PIPA. Cholinga chinali kukakamiza makampani a intaneti kutseka njira yopita kutsamba loganiziridwa, kulichotsa pa Google, ndi kulimana ndalama za malonda ndi zolipira pa khadi. Otsutsa anati tsamba lonse likhoza kufa chifukwa cha fayilo imodzi ya mlendo, mlandu usanamvedwe n'komwe. Pa 18 January 2012 Wikipedia ya Chingerezi inadzitseka yokha kwa maola 24 posonyeza kukwiya, masamba ena ambiri anachita chimodzimodzi, ndipo patapita masiku awiri mabilu onse awiri anaikidwa pambali. Sanabwererenso.

Lamulo limene likukulamulirani inu lero ndi lakale kuposa HADOPI, SOPA ndi PIPA: lamulo la ku America lotchedwa DMCA la 1998, gawo 512. Mfundo yake ndi kupatsana. Kampani ngati YouTube siyimbidwa mlandu pa zimene anthu aikapo, bola ichotse mwachangu ikangodziwitsidwa. Kuti chidziwitso chanu chigwire ntchito, mukhale siginecha yanu, dzina la ntchito imene yaberedwa, linki yeniyeni ya pamene yaikidwa, keyala yanu ndi foni kapena imelo, mawu oti mukukhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe chilolezo, ndi lumbiro loti ndinu mwini kapena womuimira. Ambiri amalephera pa linki. Kulemba kuti "tchanelo chakuti chikuba nyimbo zanga" sikukwanira. Vidiyo iliyonse imafuna linki yakeyake.

Amene wamuchotsera vidiyo ali ndi ufulu woyankha. Amalumbira kuti yachotsedwa molakwika, amapereka dzina, keyala ndi nambala ya foni, ndipo amavomera kuti mlandu ukabuka ukazengedwe m'khoti la ku America, ngakhale iye ali ku Zomba. Zonsezi zimatumizidwa kwa amene anadandaula uja, choncho musanayankhe dziwani kuti keyala yanu ikupita m'manja mwa munthu amene mukukangana naye. Wodandaulayo akapanda kusuma, vidiyo imabwezeretsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14 a ntchito. Masabata awiri amenewa ndi nthawi yaitali kwa woimba amene wangotulutsa nyimbo, chifukwa ndi pamene anthu amaifunafuna kwambiri. Pa YouTube chidandaulo chotere chimasiya chipsera chimene chimakhala masiku 90, ndipo zipsera zitatu zikakumana tchanelo chikhoza kutsekedwa ndi mavidiyo ake onse. Lamulo lili ndi chilango cha wodandaula monama, koma kuti chigwire ntchito muyenera kukasuma ku America n'kusonyeza kuti ananama akudziwa. Ndi angati angakwanitse? Apa ndi pamene lamuloli limapendekera kwa wandalama, ndipo ndikuona kuti ndi chilema chake chachikulu.

Content ID ndi china, ndipo anthu amaisokoneza ndi chidandaulo chija. Si lamulo, ndi makina a YouTube amene amayerekeza phokoso ndi zithunzi za vidiyo iliyonse yatsopano ndi zimene eni ake analembetsa. Zikafanana, wolembetsayo amasankha kutseka vidiyoyo, kutenga ndalama zake za malonda, kapena kungoiyang'anira. Izi sizisiya chipsera. Mukatsutsa, iye ali ndi masiku 30 oti ayankhe, ndipo akakhala chete chidandaulo chimafa chokha. Tsutsani masiku asanu asanathe, chifukwa mukatero ndalama zimasungidwa pambali kuyambira tsiku loyamba. Mukachedwa, zimayamba kusungidwa tsiku limene mwatsutsalo.

Makinawa sadziwa mwini wake wa nyimbo, amangodziwa amene anayamba kulembetsa. Taganizani za wokonza nyimbo amene wagulitsa biti imodzi (kulira kwa zida popanda mawu a woimba) kwa oimba atatu. Mmodzi akapereka nyimbo yake ku kampani yofalitsa nyimbo pa intaneti n'kudina kabokosi ka Content ID, awiri enawo amapezeka ngati akuba pa biti imene analipira. Malamulo a YouTube salola kulembetsa chinthu chimene si chako wekha, koma kabokosiko kamadinidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu amene sanawerenge. Chokupulumutsani ndi pepala. Musanatuluke m'situdiyo, lemberanani kuti biti mwaigula yonse kapena mwangobwereka, mawu analemba ndani, ndipo aliyense atenga magawo angati pa 100. Nonse musaine ndi kuika tsiku. Sungani mafayilo oyambirira a m'situdiyo, mawu paokha ndi zida pazokha, pamodzi ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti munalipira. Kwaya imene yajambulitsa nyimbo ichitenso chimodzimodzi ndi mwini situdiyo, ngakhale ali mkulu wa mpingo womwewo.

Mayiko a mu European Union anaona kuti dongosolo la ku America likusiya ntchito yonse ya ulonda kwa mwini nyimbo, amene lero achotsetsa fayilo mawa wina n'kuiyikanso. Pa 26 March 2019 nyumba yawo ya malamulo inavomereza lamulo latsopano ndi mavoti 348, otsutsa 274, anthu masauzande atachita zionetsero m'mizinda ya ku Germany. Gawo 17 la lamuloli limati tsamba lalikulu liyesetse kupeza chilolezo kwa eni ntchito, ndipo likalephera liyesetse kuti ntchito imene lauzidwa isaonekenso. Mawu oti sefa mulibe m'lamulomo, koma palibe njira ina yochitira zimenezi popanda makina osefa. Masamba ang'onoang'ono, osakwana zaka zitatu ndipo opeza ndalama zosafika mayuro 10 miliyoni pachaka, anawapeputsira. Dziko la Poland linakasuma kuti gawoli likupha ufulu wolankhula, koma pa 26 April 2022 khoti lalikulu la mgwirizanowo linalisiya gawolo kuti lipitirire kugwira ntchito, n'kutsindika kuti sefa isatseke zinthu zololedwa monga kugwira mawu a wina, kudzudzula kapena nthabwala. Makina satha kusiyanitsa nthabwala ndi kuba, n'chifukwa chake Germany inachita kuika miyezo: masekondi 15 a nyimbo kapena filimu, zilembo 160, kapena chithunzi cha makilobaiti 125 zimayamba zaganiziridwa kuti n'zololedwa ngati zili gawo chabe la ntchito ya munthu. Miyezo yotere ndi yokhwimitsa zinthu mosaona nkhope, komabe ndiyabwino kuposa kusiyira makina chigamulo chonse.

Malawi anatsata njira ina, imene Germany inaiyamba mu 1965 pa makina ojambulira matepi. Lamulo lathu la umwini wa ntchito za luso la 2016 linatsegula khomo la msonkho wa pa zipangizo zosungira zinthu, monga mafoni, mafulashi ndi memore khadi. MRA imatolera msonkhowu katunduyo akamalowa m'dziko, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, imagawa ndalamazo kwa eni ntchito. Ganizo lake ndi kuvomereza kuti anthu adzakopera basi, ndiye alipire pang'ono pogula chipangizo m'malo mowasakasaka mmodzimmodzi. Ndikuona kuti kwa dziko limene nyimbo zimayenda kuchoka pafoni kupita pafoni, njirayi ndiyoyenera kuposa zonse zija. Koma msonkhowu ukulipirira kukopera kwa munthu payekha kokha. Wobena nyimbo pamsika n'kumalandira ndalama akuchita malonda, ndipo afunika chiphaso chakechake cha COSOMA.

Mkangano wake uli pa kagawidwe. Palibe amene amawerenga kuti nyimbo yatumizidwa kangati pa WhatsApp, choncho ogawa amadalira zizindikiro zina zimene angathe kuziona, ndipo chizindikiro chilichonse chimakondera wina. Chowerengera pa wailesi chimakweza wotchuka m'tauni n'kusiya woimba wa kumudzi amene nyimbo zake zadzaza m'memore khadi za m'minibasi. Aphungu ndi mabungwe a oimba ayenera kufunsa kuti njira yowerengera ilembedwe poyera, aliyense athe kuiona ndalama zisanagawidwe. Ndipo woimba, wolemba mabuku kapena wojambula mafilimu adziwe kuti ngakhale umwini umayamba wokha ntchito ikangopangidwa, ndalama za msonkhowu zimatsata ntchito zimene zili m'kaundula wa COSOMA. Nyimbo iliyonse yatsopano ikalembetsedwe payokha, ndi mayina a onse amene ali ndi gawo.