Likoma ndi boma la Malawi, musanamizidwe

Pamagulu a WhatsApp pamabwerabwera uthenga woti chilumba cha Likoma ndi cha Mozambique, dziko lathu linangobwereka ndipo posachedwa lichibweza. Ena amawonjezera kuti kumeneko kumakhala anthu ochepa kwambiri moti n'kuwawerenga pa zala. Zonsezi n'zabodza.

Chimene chimasokoneza anthu ndi mapu. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, koma nthaka yake ndi ya Malawi. Amishoni a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, n'kumangapo tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mu 1954, Britain ndi Portugal atagwirizana zodutsitsa malire pakati pa nyanja ya Malawi, zilumbazi zinatsalabe mbali ya Nyasaland. Za kubwereka mulibemo m'mgwirizanowo.

Kale Likoma inali pansi pa Nkhata Bay, lero ndi boma palokha, laling'ono kuposa onse. Kalembera wa 2018 anapezako anthu 14,527.

Uthenga wotere ukakupezani, funsani kaye: walemba ndani, liti? Chiwerengero cha anthu chili m'malipoti a National Statistical Office ya ku Zomba. Ngati gwero lake silikudziwika, chonde musautumize kwa ena.