Mswachi wa usiku ndiwo umapulumutsa dzino

Januwale akafika malonjezo amachuluka: wina asiya mowa, wina alowa banki m'khonde, wina akuti chaka chino ndalama ya feteleza asunga msanga. Za mano sindimvako. Mano timawakumbukira tsaya likatupa, ndipo munthu pofika kuchipinda chathu cha mano kuno ku Nkhotakota pempho limakhala limodzi: "Adokotala, ingochotsani." Kawirikawiri timachotsadi, poti dzinolo limakhala litawola mpaka pamtsempha. Chikhala anabwera bowo lili laling'ono, bwenzi titangomata.

Ndiyambe ndi nyongolotsi imene ambiri amati ikuwadya m'dzino. Mulibemo nyongolotsi. Mukadzuka m'mawa, palani dzino ndi chikhadabo, muona zoyera zonanda. Mmenemo ndi momwe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti tikalandira shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amabwera pambuyo kudzatsuka asidi uja ndi kubwezeretsa zomwe zasungunuka, koma ntchitoyi imafuna nthawi, pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo.

Apa ndiye pagona nkhani. Funso lalikulu si lakuti mwadya shuga wochuluka bwanji, koma kangati. Tiyi wa masupuni atatu m'mawa, mandasi cha m'ma 10, Sobo masana, switi pobwera kusukulu, kenako mzimbe wotafuna pang'onopang'ono kuchokera pa Dwangwa mpaka kukatsika minibasi paboma: malovu sapeza mpata, dzino limakhala m'asidi tsiku lonse. Sindikuti musiye nzimbe, kuno ndingayankhule ndi ndani? Ndikuti zotsekemera zizibwera pamodzi ndi chakudya, zithe nthawi imodzi, pakati pake pazidutsa madzi okha. Njala ikavuta, mtedza ulipo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12 a shuga patsiku, ndipo botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili kale ndi pafupifupi 8.

Ambiri amatsuka mano m'mawa mokha, kuti fungo lisavutitse anzawo m'basi. Palibe cholakwika, koma kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa usiku. Munthu akagona malovu amachepa, ndiye zonse zimene zatsalira m'mano zimagonera pomwepo popanda chozitsuka. Ngati pali lonjezo limodzi loyenera chaka chatsopano, ndi ili: mswachi uzikhala chinthu chomaliza kulowa m'kamwa musanalowe m'neti. Mphindi ziwiri, mano onse, makamaka pamene dzino lakumana ndi nkhama. Osakwecha mwamphamvu ngati mukutsuka mphika wa nsima. Kumeneko n'kungoperesa dzino.

Mukamaliza, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Ambiri amadabwa ndikawauza zimenezi. Mu mankhwala otsukira mano, kaya ndi Colgate kaya ena, muli fulorayidi amene amalimbitsa dzino, ndipo mukachukucha mwamutaya asanagwire ntchito. Pogula, onani ngati pachubupo palembedwa fluoride.

Kamtengo kotafuna kunsonga kamachotsa bwino zonanda zija ngati mukufika nako mpaka kumbuyo, chabe kalibe fulorayidi, choncho pakanipo mankhwala pang'ono. Makala, phulusa ndi mchenga wa kunyanja ayi. Amayeretsadi masiku oyamba, koma amakhala akupala chikuto, ndipo chikapita sichimeranso. Chimodzimodzi kutsegula botolo ndi mano, kapena kutokosa munga wa usipa ndi pini.

Nkhama zikamatuluka magazi potsuka, anthu amasiya kutsuka pamenepo poopa kudzipweteka. N'kulakwitsa. Magaziwo ndi chizindikiro chakuti zonanda zakhalitsa. Pitirizani kutsuka mofatsa. Pakatha milungu iwiri osasintha, bwerani tione, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga, muli oyembekezera kapena mumasuta fodya.

Kwa makolo ndili ndi dandaulo. Mano a ubwana alipo 20, ndipo timawanyozera poti "agweluka okha". Koma mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kugweluka. Limeneli ndi la moyo wonse, ndipo ndi limene timaliona litabowoka kwambiri, makolo akuganiza kuti limeranso. Yambani kumutsuka mwana dzino loyamba likangotuluka, ndi mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga; kuyambira zaka 3, ngati nsawawa imodzi yaing'ono. Muzimuthandiza mpaka afike zaka 7 kapena 8, dzanja lake lisanakhwime silifika kumbuyoko.

Dzino likayamba kuwawa musaikepo Aspirin, amawotcha nkhama. Imwani Panado, mupite kuchipatala. Koma kutupa kukafika kudiso kapena pansi pa chibwano, thupi n'kutentha, kumeza n'kuvuta, musadikire kuche.